Zithunzi zadzaza m'foni, nanga buku lituluka liti? Thandizo lenileni kwa ojambula a ku Mangochi

Ku Mangochi anthu odziwa kugwira kamera alipo, ndipo si ochepa. Mudzawapeza pa doko la Msaka kapena Malembo m'bandakucha maboti akamakocheza ndi usipa. Mudzawapeza pa ukwati, pa Idi, pa bwalo la mpira, ndi tsiku lomwe anamwali akutuluka manganje atavuta mumsewu. Chomvetsa chisoni n'chakuti ntchito yonseyo imathera mu memole khadi. Chithunzi chimakhala pa Facebook masiku awiri, anthu n'kuyamikira, kenako chimakwiririka. Foni ikagwera m'madzi kapena laputopu ikapsa ndi magetsi, ntchito ya zaka zisanu yapita basi.

Buku silifuna bandulo, silifuna chaja. Gogo wa ku Makanjira atha kulitsegula ali pakhonde n'kuloza mdzukulu wake patsamba. Koma makampani osindikiza mabuku m'dziko muno amadalira kwambiri mabuku a sukulu ndi a mapemphero, poti ndiwo ali ndi msika wodziwika. Buku la zithunzi limadya ndalama zambiri posindikiza, ogula ake n'kukhala ochepa. Motero wojambula wofuna buku amayenera kudzisindikizira yekha. Iye yemweyo ndiye wosankha zithunzi, woyala masamba, wolipira osindikiza, wonyamula makatoni, komanso wogulitsa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lolemera.

Amene akufuna kumuthandiza ayenera kudziwa pomwe ntchitoyi imathyokera. Kawirikawiri siithyokera pa kamera ayi. Imathyokera pakati pa kamera ndi makina osindikizira, kenako imathyokanso m'katoni mabuku atafika kale kunyumba. Ndipo thandizo loposa onse ndi ndalama yobwera buku lisanasindikizidwe, osati mawu aja akuti "likatuluka ndidzagula".

Diso lachiwiri

Wojambula amakonda chithunzi chifukwa cha mmene anachivutikira: anagona pa doko, udzudzu unamudya, anadikira maola atatu. Wotsegula buku saziona zimenezo, amangoona zomwe zili papepala. N'chifukwa chake thandizo loyamba, losalira ngakhale tambala, ndi munthu wa diso lakuthwa yemwe sangachite manyazi kunena kuti, "Achimwene, ichi chichoke."

Buku loyamba lisayese kunyamula Mangochi yense. Chipilala cha wotchi cha mu 1903 chija, milambe ya m'mbali mwa msewu, ndi dzuwa lolowa ku Cape Maclear zinajambulidwa kale ndi mlendo aliyense wodutsa. Nkhani imodzi yopapatiza ndiyo imagwira mtima. Mwachitsanzo usiku umodzi wa alovi a chilimira, ukonde wophera usipa, kuyambira pomwe akukonza nyali madzulo, siginala, yemwe amatsogolera alovi ku nsomba, atakhala m'bwato lake, mpaka usipa utayanikidwa pa thandala. Kapena anyamata a kabaza pa mlatho wa Bakili Muluzi kuyambira m'mawa mpaka kuda. Mlendo wa masiku atatu sangajambule zimenezi, koma mwana wa pompano angathe.

Kasankhidwe kake ndi aka. Pa zithunzi zikwi ziwiri, wojambula apatule pafupifupi 150, azitsukitse zazing'ono za masentimita 10 kwa 15 ku situdiyo, n'kuziyala pa mphasa. Pa kompyuta mumaona chimodzichimodzi, koma pa mphasa mumaona zonse nthawi imodzi, ndipo pomwepo mumazindikira kuti zithunzi zisanu ndi ziwiri za ukonde zikunena chinthu chimodzi. Zitsale 40 kapena 50. Poziika mundondomeko, kumbukirani kuti buku limatsegulidwa masamba awiriawiri, ndipo awiriwo amayankhulana. Dzanja la mayi akuwerenga ndalama kumanzere, chigoba cha usipa kumanja: wowerenga wamva nkhani yonse popanda liwu lililonse. Tsamba losiyidwa loyera si kuwononga pepala, ndi popumira maso.

Kenako pindani mapepala wamba pa msinkhu weniweni wa bukulo, mumatemo zithunzi zija. Osindikiza amalitcha dummy. Lisiyeni sabata imodzi, ndiye mupatse munthu yemwe sakudziwa kanthu za ntchitoyi. Musamufotokozere, mungoyang'ana manja ake. Pomwe akutembenuza masamba mothamanga ndi pomwe buku lafooka. Dummy yemweyu ndi amene mudzaonetse ogula ndi osindikiza, choncho musamudumphe.

Anthu omwe ali m'zithunzimo

Munthu amene anamwetulira kamera pa doko anavomera kujambulidwa, koma sanavomere kuti nkhope yake igulitsidwe ku Blantyre kapena kunja. Wojambula abwerere komweko ndi dummy uja, ayambire kwa a mfumu ndi komiti ya pa doko, kenako kwa eni nkhopezo mmodzimmodzi. Apa munthu wodziwika m'mudzimo, woyankhula Chiyao chakupsa, amathandiza kuposa ndalama. Chilolezo chilembedwe mwachidule: dzina, mudzi, tsiku, ndi mawu oti bukulo lidzagulitsidwa, kenako siginecha kapena chidindo cha chala. Kwa amene safuna za mapepala, jambulani mawu ake pa foni akuvomereza. Za ana, ovomereza ndi makolo kapena owayang'anira, osati mwana mwini wake.

Pali zina zomwe siziyenera kulowa m'buku ngakhale chithunzicho chikongole bwanji. Za ku ndagala ndi ku tsimba zili ndi eni ake, angaliba ndi anankungwi, ndipo chomwe amalola kuti chioneke ndi cha tsiku lotuluka basi. Amayi osamba kunyanja asajambulidwe n'komwe. Za mu mzikiti, funsani mashehe poyamba. China chomwe ambiri saganizira ndi ichi: msodzi yemwe wajambulidwa akukoka neti ya udzudzu, kapena ali pamadzi nthawi yomwe nyanja yatsekedwa, nkhope yake ndi dzina la boti lake zikuoneka, buku lanu lingamulandiritse chilango ndi kumulanditsa zida. Ngati nkhaniyo ikufunika kunenedwa, ineneni ndi chithunzi chosamuzindikiritsa.

Pansi pa chithunzi chilichonse, kapena kumapeto kwa buku, palembedwe malo, mwezi ndi chaka. Lero zikuoneka zazing'ono, koma taonani: mu 2024 nyanja inadzaza kwambiri n'kumeza magombe ndi nyumba za m'mphepete, moti chithunzi cha doko chojambulidwa izi zisanachitike tsopano ndi umboni, bola chikhale ndi deti. Mayina a nsomba ndi a zida alembedwe molondola. Chilimira, nkacha ndi khoka ndi zida zosiyana, ndipo msodzi akangoona mwazisokoneza, buku lonse salikhulupiriranso. Mphunzitsi wa Chichewa, ndi wina wodziwa kulemba Chiyao, akawerenga mawuwo asanapite ku makina, amakhala athandiza zedi.

Pomwe zithunzi zambiri zimafera: mafailo

Makina osindikizira amafuna timadontho ta chithunzi, totchedwa pixel, 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi chodzaza tsamba la A5 chimafuna ma pixel pafupifupi 1,820 kwa 2,550, ndipo cha A4 pafupifupi 2,550 kwa 3,580. Foni kapena kamera ya 12 megapixel imatulutsa 4,000 kwa 3,000, ndiye ikukwanira bwinobwino. Vuto ndi njira yomwe chithunzicho chadzera. WhatsApp mwachizolowezi amachifinya mpaka mbali yaitali itsale pafupifupi 1,600, zomwe papepala ndi masentimita 13 ndi theka okha. Mukachikoka kuti chidzaze tsamba, chimatuluka chachimbuuzi, ukonde n'kuoneka ngati phala. Chochotsedwa pa Facebook n'chimodzimodzi. Gwiritsani ntchito failo yoyambirira ya mu memole khadi, yotumizidwa pa fulashi, kapena pa WhatsApp pomwepo koma ngati Document. Mafailo amenewa akhale malo awiri osiyana nthawi zonse. Kumugulira wojambula hard drive imodzi ndi mphatso yomwe ingapulumutse buku lonse.

Zithunzi zakale za mu alubamu zisajambulidwe ndi foni. Zipite pa sikana, pa 600 dpi, ndiye kuti timadontho 600 pa inchi, kuti zithe kukula kawiri m'buku osawonongeka.

Nkhani ya mitundu ndiyo imaliritsa ambiri. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB, pomwe pepala limapanga mitundu ndi inki zinayi, CMYK: ya buluu wowala, yofiirira ngati pinki, yachikasu ndi yakuda. Inki singafike pomwe kuwala kumafika. Buluu wa madzi a ku Chembe masana, kapena chitenje chowala cha pa ukwati, papepala zimazilala pang'ono. Izi sizipeweka, koma wojambula ayenera kuziona yekha pa kompyuta asanatumize, posintha mafailo kupita ku CMYK ndi profile, failo ya mitundu yogwirizana ndi makina ndi pepala, yomwe osindikizawo amuuza.

Choopsa kwambiri ndi kuda. Sikirini za foni ndi laputopu zimakhala zowala mopyola, ndiye chithunzi chooneka bwino pamenepo chimatuluka chakuda papepala. Nkhope ya munthu wakuda wojambulidwa masana, kumbuyo kwake kuli nyanja yonyezimira, imasanduka chithunzithunzi chopanda maso. Tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka kuyera kwake kufanane ndi pepala loyera lomwe mwaligwira pambali, ndipo mukatero muwalitse malo a mthunzi pa nkhope. Zithunzi za usiku, za nyali za asodzi pamadzi, zimafuna chisamaliro choposa. Inki zonse zinayi zikaunjikana pamalo akuda kupitirira pafupifupi 300 peresenti, pa makina a offset, osindikizira mabuku ambiri nthawi imodzi, inki siuma msanga, masamba amamatana ndi kudetsana. Zithunzi za black and white nazo zili ndi msampha wake: zikasindikizidwa ndi inki zinayi zimatha kupendekera kobiriwira kapena kofiirira, pomwe ndi inki yakuda yokha zimaoneka zotuwa. Muone njira zonse ziwiri papepala musanasankhe.

Poyala masamba, chithunzi chofika kumphepete penipeni chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse, chomwe osindikiza amati bleed. Mpeni wodulira mabuku umasuntha pang'ono, ndipo popanda malo amenewa pamatsala kamzere koyera m'mphepete. Nkhope isagwere pakati pomwe masamba awiri akumana, chifukwa mphuno imamira mumsana wa buku. Mawu alembedwe ndi inki yakuda yokha. Microsoft Word si chida cha ntchito iyi, amafinya zithunzi ndipo satulutsa CMYK. InDesign ndi yolipira ndi ndalama zakunja, koma Scribus ndi yaulere ndipo imatha zonsezi. Potulutsa PDF, zilembo zilowe mu failo momwemo. Mukapanda kutero, chilembo ngati ŵ chimasanduka kabokosi pa kompyuta ya osindikiza.

Pepala, msinkhu ndi msana wa buku

Msinkhu wa buku ndiwo umalamula mtengo kuposa china chilichonse. Makina ambiri a digital amadya pepala lotchedwa SRA3, la mamilimita 320 kwa 450. Pa pepala limodzi lotere pamalowa masamba anayi a A4, kutsogolo ndi kumbuyo, kapena asanu ndi atatu a A5. Buku la masamba 48 limadya mapepala 12 likakhala A4, koma 6 okha likakhala A5. Buku la sikweya la masentimita 21 limakongola, koma limadya mapepala ofanana ndi a A4, otsalawo n'kutayidwa. Ndipo A4 yogona chopingasa, yomwe ojambula ambiri amailakalaka, ikatambasulidwa imafika mamilimita 594, moti singalowe pa SRA3 ngati mukufuna kumanga popinda pakati. Kwa buku loyamba, A5 kapena chokulirapo pang'ono ndi nzeru.

Pepala la mu ofesi la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) limamwa inki ndipo chithunzi cha kuseri chimaonekera. Zithunzi zimafuna pepala losalala la 130 mpaka 170 gsm. Lonyezimira kwambiri limathobwa m'maso pa dzuwa la kuno ndipo limasunga zidindo za zala, choncho matt, losanyezimira, kapena silk, lonyezimira pang'ono, ndi abwino. Chikuto chikhale cha 250 mpaka 300 gsm, chokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kochiteteza. Chikuto chakuda cha matt chimakandika msanga, ganizirani bwino musanachisankhe. Funsaninso za mzere wa pepala. Pepala lili ndi mbali yomwe ulusi wake unalowera, monga thabwa, ndipo mzerewo uyenera kutsata msana wa buku. Ukapingasa, chinyezi cha dzinja chimachititsa masamba mafunde ndipo buku silitsekeka.

Kumanga buku kuli njira zingapo, ndipo nyengo ya ku Mangochi ili ndi mawu pa nkhaniyi. Yotsika mtengo ndi kupinda pakati n'kukhoma mawaya awiri. Masamba ayenera kugawika ndi 4, ndipo pa pepala la 150 gsm musapyole masamba 48, apo ayi buku limangoyasama. Kunyanja kuno mawaya amachita dzimbiri n'kudetsa pepala. Njira yabwino ndi kupempha osindikiza kuti angopinda ndi kudula, inu n'kusoka ndi manja: mabowo atatu pamsana, singano yaikulu, ulusi wolimba wopaka phula, mfundo imodzi mkati. Buku limodzi limatenga mphindi zisanu dzanja likazolowera, ndiye mabuku 150 ndi ntchito ya anthu anayi masana amodzi. Apa abale ndi anzake a wojambula ali ndi pothandizira penipeni.

Buku la masamba ambiri limamatidwa ndi guluu pamsana. Guluu wamba wosungunula ndi moto sagwira bwino pepala losalala, ndipo kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, buku litasiyidwa m'galimoto kapena mu shopu ya malata, kumamufewetsa mpaka masamba kuyamba kuthothoka. Guluu wotchedwa PUR ndi wolimba kwambiri, funsani ngati ali naye. Yoposa zonse ndi kusoka masamba m'magulu a 16 kapena 8 asanamatidwe, chifukwa buku limatambasuka bwino ndipo limakhalitsa, koma mtengo wake ndi wokwera.

Kwa osindikiza

Makina ndi a mitundu iwiri. A offset amayamba apangira mbale zinayi zachitsulo mbali iliyonse ya pepala lalikulu, ndipo ndalama zambiri zimathera pokonzekerapo. Amayamba kupindula mabuku akafika mazana angapo, monga 500 kupita m'tsogolo. A digital alibe mbale, mtengo wa buku limodzi susintha kwenikweni kaya mabuku ndi 30 kaya 200. Msampha wodziwika ndi uwu: wojambula amamva kuti akasindikiza 1,000 buku limodzi litsika mtengo, amakongola ndalama, n'kutsala ndi mabuku 800 pansi pa bedi. Yambani ndi 100 kapena 150 pa digital. Akatha, mudzasindikizanso.

Ntchito yotere kawirikawiri imakakamiza ulendo wotuluka m'boma lino. Ku Balaka kuli Montfort Media, ku Lilongwe kuli Likuni Press, ndipo ku Blantyre osindikiza ndi ambiri. Tengani makoteshoni atatu olembedwa, onse pa mfundo zofanana: msinkhu, chiwerengero cha masamba, dzina ndi kulemera kwa pepala, chikuto, kamangidwe, chiwerengero cha mabuku, msonkho, ndi tsiku lomaliza. Pemphani kuona buku la zithunzi lomwe anasindikizapo kale. Ndipo musalole makina ayambe musanagwire proof, masamba angapo osindikizidwa pa pepala lenilenilo ndi makina omwewo. Sankhani ovuta: la usiku, la nkhope, la nyanja. Muwaonere panja pamthunzi, osati pansi pa babu. Mukakhutira, sainani, limodzi litsale kwa iwo, lina kwa inu. Thiransipoti ya ulendo umenewu ndi ndalama yomwe ambiri amaiumira, kenako n'kudzalira katoni itatsegulidwa. Wofuna kuthandiza ndi ndalama yochepa, alipire ulendo wa proof.

Ndalama: pamene thandizo limaoneka

Tiyerekeze, pongofuna kuonetsa kawerengedwe kake, kuti osindikiza anena K1,500,000 pa mabuku 150. Wojambula amafulumira kuti buku limodzi ndi K10,000, ndiye ndikagulitsa K15,000 ndapindula. Walakwa kale. Kutsukitsa tizithunzi tija, woyala masamba, proof, maulendo ndi kunyamula makatoni, tinene kuti zadya K500,000. Zonse pamodzi K2,000,000. Pa mabuku 150 aja, 25 sagulitsidwa: a eni nkhope, a a mfumu, losungitsa ku boma, oonetsera m'mashopu, ndi owonongeka. Otsala ndi 125, ndipo lililonse lamudyera K16,000. Akaika mtengo wa K25,000, shopu n'kutengapo 30 peresenti, iye amalandira K17,500, phindu la K1,500 lokha, osawerengera thukuta la zaka zonse zojambula. Koma mukagula m'manja mwake, K25,000 yonse ndi yake. Apa n'zoonekeratu chifukwa chake mawu oti "tigawireniko limodzi" amapha ntchito: buku laulere lililonse ndi K16,000 yotuluka m'thumba mwa wojambula.

Pa chitsanzo chomwechi, anthu 60 olipiriratu K25,000 akwanitsa ndalama yonse ya osindikiza. Iyi ndiyo njira yomwe imagwira: kugulitsa buku lisanatuluke. Imafuna dongosolo kuti isadanitse anthu. Kutolera kuyambe dummy atatha, chilolezo chitapezeka, koteshoni ili m'manja. Ndalama zilowe pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena Mpamba, yosasakanikirana ndi za ndiwo, ndipo ndi bwino msungichuma akhale munthu wina wokhulupirika, osati wojambula mwini wake. Aliyense wolipira alembedwe mu kope ndi kupatsidwa lisiti. Anthu auzidwe poyambirira kuti chiwerengero chikapanda kukwana pofika tsiku lakuti, ndalama zibwezedwa. Tsiku lotulutsira buku muwonjezerepo mwezi umodzi pa lomwe osindikiza anena, chifukwa magetsi amazima, pepala limatha, makina amafa. Mayina a olipiriratu alembedwe pa tsamba lomaliza, anthu amakondwera nazo kwambiri.

Kutolerako kusatenge nthawi yaitali. Pepala labwino ndi inki zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata kwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pa nthawi zotere koteshoni ya mwezi wathawu imasanduka pepala wamba. Funsani kuti koteshoniyo ikhala masiku angati, ndipo ndalama zikangokwana, kalipireni theka kuti pepala ligulidwe. Theka linalo lidikire mpaka mabuku ataonedwa.

Katapila asayandikire ntchitoyi. Ngakhale ngongole ya banki mkhonde, yomwe chiwongoladzanja chake chimawerengedwa mwezi ndi mwezi, siyenerana ndi katundu yemwe amatha chaka akugulitsidwa limodzilimodzi. Chipereganyu cha ojambula okhaokha n'chabwinoko: asanu asonkherane, chaka chino litulukire la mmodzi, chaka chamawa la wina.

Malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, kuchokera pa boma mpaka ku Monkey Bay ndi Cape Maclear, angathandize kwambiri pogula mabuku 10 kapena 20 pasadakhale, oika m'zipinda ndi ogulitsa kwa alendo. Zimenezi zimaposa kupereka kandalama kochepa n'kufuna chizindikiro chachikulu pa chikuto. Bungwe kapena kampani yothandiza ithokozedwe pa tsamba lamkati, koma isasankhe zithunzi. Ikangoyamba kunena kuti chotsani ichi, ikanipo cha pulojekiti yathu, bukulo lasanduka kalendala ya eni ndalama. Musaiwalenso abale a ku Joni. Ana a ku Mangochi ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ndi ambiri, amasowa kwawo, ndipo buku loonetsa doko lomwe anakulirapo angaligule ndi mtima wonse.

Mapepala a boma

Izi n'zachidule koma zisaiwalike. Nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN, ya manambala 13, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo ipezeke chikuto chisanamalizidwe kuti isindikizidwe kumbuyo kwake. Mashopu akuluakulu ndi malaibulale amaifuna. Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko limodzi ku Archives komweko, zomwe ndi phindu kwa wojambula, chifukwa ntchito yake imasungika ngakhale ake onse atatha. Umwini wa zithunzi umatetezedwa ndi Copyright Act ya 2016, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi COSOMA. Chenjezo ndi ili: zithunzi zomwe wojambula anajambula atalembedwa ganyu, kaya ndi bungwe kaya ndi eni ukwati, aone kaye zomwe anagwirizana, ndipo apemphe chilolezo cholembedwa asanaziike m'buku lake.

Makatoni akafika

Werengani mabuku onse musanamalize kulipira. Tsegulani limodzi pa khumi alionse, tsamba ndi tsamba, mukuyerekeza ndi proof yosainidwa ija. Yang'anani masamba osowa kapena ozondoka, mizere ya inki, ndi mphepete zodulidwa mokhota. Gwirani tsamba limodzi la pakati, mukweze buku lonse: guluu wabwino salola kuti lithothoke.

Mabuku 150 a A5 amalemera pafupifupi makilogalamu 20, katundu wokwera minibasi bwinobwino, bola akutidwe ndi pulasitiki ndipo asaikidwe pamodzi ndi nsomba kapena zigubu za mafuta. Kunyumba akhale pa thabwa lokwera, kutali ndi khoma ndi denga la malata. Chiswe chimatha katoni yonse mwakachetechete kuchokera pansi, ndipo mphemvu zimanyambita guluu ndi chikuto. Muzisuntha makatoniwo mwezi uliwonse.

Posiya mabuku mu shopu kapena pa malo ogona alendo kuti adzalipire akagulitsa, siyani asanu, osati makumi atatu. Lembani chiwerengero, mtengo, gawo la shopu, tsiku lodzawerengerana, ndi yemwe adzalipire buku likawonongeka, nonse musaine. Limodzi likhale loonetsera, ena onse atsekeredwe m'mapulasitiki. Mphunzitsi wamkulu wogulira laibulale ya sukulu yake, mwini shopu wopereka shelefu yoonekera, dalaivala wonyamula phukusi kupita ku Lilongwe osalipiritsa, onsewa akugwira ntchito yomwe kampani yosindikiza ikanagwira.

Mwambo wokhazikitsa buku usathere ndalama ku holo ya hotela. Uchitikire komwe zithunzi zinajambulidwa, masana maboti atakocheza, a mfumu atauzidwa pasadakhale. Tebulo limodzi pamthunzi, mabuku a eni nkhope atalembedwa kale mayina, timapulasitiki tosungiramo poti manja a pa doko amakhala onyowa, ndi beseni la madzi ndi sopo pambali. Pakhale munthu mmodzi wa kope ndi cholembera, chifukwa pomwepo ndi pomwe wina adzanene kuti dzina lake lalembedwa molakwika, kapena kuti boti la pa tsamba 17 si la Msaka koma la Malembo. Zonsezo zilembedwe n'kukonzedwa mu failo sabata yomweyo, kuti mabuku otsatira adzatuluke olondola.